Impso yanga inapita ku maliro

Ndili ndi chipsera kumanzere, m'munsi mwa nthiti, ndipo kunja kukachita mitambo chimayabwa. Anzanga amene timachapa nawo mashiti pa loji pano anazolowera kundiona ndikuimika simbi n'kumadzikanda. Amati ndine wailesi yolosera zanyengo. Ndimaseka nawo, nanga n'kutani. Koma pamenepo ndi pamene panatulukira impso yanga, imene ndinapatsa achimwene anga, ndipo mtima wanga sunapole monga chinapolera chilondacho.

M'mimba mwa amayi tinatsala awiri, achimwene ndi ine. Iwo anali khukhi pa hotela ina kuno ku Senga Bay, munthu wa manja okoma, woti akakazinga chambo alendo ankalowa okha kukhitchini kudzawagwira chanza. Bambo a ana anga atapita kukakwatira kwina, achimwene ndiwo anatenga anawo ngati awo, monga amachitira malume weniweni. Mwana akalakwa kusukulu, okayankha anali iwo. Akadwala, njinga yomunyamulira inali yawo. Choncho miyendo yawo itayamba kutupa, m'mawa nkhope n'kumadzuka ngati yolumidwa ndi njuchi, madokotala n'kunena kuti kuthamanga kwa magazi kwawononga impso zonse ziwiri, ine sindinachedwe kuganiza. Anandiyeza magazi, anati tikugwirizana. Ndinati tengani.

Kudikira kunali kwakutali, ndipo sindifuna kukutopetsani nako. Zaka zinapita achimwene akuyenda mumsewu wa Lilongwe sabata ndi sabata kukagona pa makina otsuka magazi, mpaka mwayi unatigwera wopita ku India, poti kuno opaleshoni imeneyi sachita. Chimene ndimakumbukira kwambiri kumeneko si ndege kapena chakudya chawo cha tsabola. Ndi thumba la mkodzo. Nditayamba kuyenda, anamwino anandiperekeza pazenera la chipinda chimene anagonekamo achimwene, n'kundilozera thumba lolendewera pabedi, litadzaza. Uyu ndi munthu amene anakhala zaka akukodza timadontho. Ndinalira poyang'ana mkodzo wa mwamuna wamkulu, ndipo manyazi sindinachite. Atatsitsimuka ndinawauza kuti, "Achimwene, mkodzo umenewo ndi wanga, muzindipempha kaye musanautaye." Anaseka mpaka kugwira pachilonda.

Tisanabwerere kumudzi, dokotala anatikhazika pansi. Anati thupi la munthu lili ndi alonda, ndipo alondawo akaona impso yachilendo amaithamangitsa ngati wakuba, ngakhale ikhale ya mlongo wako. Ndiye achimwene azimwa mankhwala m'mawa ndi madzulo moyo wawo wonse, ogonetsa alondawo. Vuto lake n'lakuti alonda akagona, matenda aliwonse amalowa osagogoda. Chimfine chimene wina amangomina n'kupita kumunda, iwo chikhoza kuwagwetsa. Ife a m'maloji za alonda ogona timazidziwa, choncho ndinamva msanga.

Ine kuchira kwanga kunachedwa kuposa kwawo. Ntchito yanga ndi yonyamula mabeseni a zovala zonyowa, ndipo kwa miyezi yambiri ndikawerama pachilonda pankakoka ngati wina akusoka kachiwiri. Sindinadandaule kwa munthu. Ndinkangosuzumira pazenera n'kuona achimwene akunenepa, akukwera njinga kupita kukhitchini kwawo akuimba mluzu, ululu n'kutha wokha. Ankakonda kumwa madzi pamaso panga, kapu yaikulu ya pulasitiki, osapumira, n'kunena kuti, "Ndikuthirira mbewu yako, chemwali." Ine ndinkawayankha kuti ndikadzangoona akuinyozera ndidzabwera ndi mpeni kudzailanda. Tinkacheza choncho. Koma pansi pa nthabwalazo ndinkadziwa kuti chiwalo changa chikuyenda m'thupi la munthu wina, chikupita kumene iye wafuna, ine wopanda chonena.

Kenako kunabwera Kovidi. Alendo anasowa, maloji anatseka, mashiti tinawapinda n'kuwatsekera m'makabati. A ku kiliniki ya impso anaimba foni kuti anthu onga achimwene asayerekeze kulowa pagulu. Ine ndinadzilemba ntchito ya upolisi. Nyumba zathu zili mumpanda umodzi, ndiye ndinaika ndowa ya mpopi ndi sopo pachipata, ndipo aliyense wobwera kudzacheza ndinkamulonjera kunja komweko. Alamu anga, akazi awo a achimwene, ndi munthu wofatsa, sadziwa kubweza mlendo. Ine ndimadziwa. Ndinabweza amayi a kutchalitchi, ndinabweza anzawo a bawo, ndinabweza ngakhale mkulu wa mpingo atakwapatira Baibulo lake.

Kwathu kuno ukabweza mlendo amakukhululukira. Chimene sakhululuka ndi maliro. M'miyezi imeneyo kunagwa maliro angapo m'dera lathu, ndipo achimwene sanapezekeko ngakhale amodzi. Ndinkapita ine, nditavala masiki, kukapepesa m'malo mwawo. Koma mkazi saimira mwamuna kumanda. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ena ankati ndege inawakweza mapewa. Anyamata a kudoko, kumene asodzi amakocheza mabwato, anayambitsa yoti impso ya mkazi yasandutsa munthu wamantha. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anamveka akunena kuti maliro n'kulirana, tsiku lake likadzafika adzaitane Amwenye akewo adzamukumbire.

Mawu amenewa ndi amene anawadya achimwene. Ndinkawapeza pakhonde, nyimbo za maliro zikumveka tsidya la msewu, iwo atazolika ngati mbala yogwidwa. "Chemwali," anatero tsiku lina, "kodi munthu woti anthu anasiya kumuwerengera, ndi wamoyo?" Ndinawayankha kuti inde, wamoyo ndithu, akudya, akukodza, ana ake akumuona. Anangoti ine sindingamvetse. Kaya, mwina zoona. Zimene ndinkamvetsa ine n'zoti impso ndinali nazo ziwiri ndipo tsopano ndili ndi imodzi.

Dzinja lotsatira, matenda aja atabweranso mwaukali, amalume anamwalira kumudzi kwa malemu amayi athu, cha ku Lifuwu. Anati ndi chibayo. Palibe anawayeza. Amalume ndiwo anali mwinimbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana awo onse, ndipo pa ana aamuna a alongowo wamkulu anali achimwene. Udindo unali kugwera iwo. Uthenga unachokera kwa mayi aakulu, akulu awo a amayi athu, mlimi wa mpunga wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Uthengawo sunali wopempha. Unati maliro sanyamuka mpaka achimwene afike.

Ndinawapeza achimwene akupukuta nsapato.

"Mukupita kuti?"

"Ukudziwa."

"Achimwene, adokotala anati chiyani?"

"Adokotala sanaleredwe ndi amalume. Ndikakhala patali, masiki sindivula, tikangoika ndibwerako."

"Nenani pafoni zimene mukufuna kunenazo. Ndipita ine, ndikaiike foniyo pakati pa anthu."

"Mbumba sailandira pafoni."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ngati akufuna kufa afe ndi ziwalo zawo, changa asiye pakhomo. Anandiyang'ana n'kufunsa mofatsa kuti, "Unandipatsa kapena unandibwereka?" Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chitenje, n'kuwatsatira.

Tinapempha mnzawo wa galimoto kuti tipewe minibasi. Poyamba zinayenda monga analonjezera. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, patali ndi amuna anzawo, ndipo obwera kudzapepesa ankawalandira ataphatikiza manja pachifuwa. Ena ankabweza dzanja lawo ali ndi nkhope yoti taziona. Kumanda anaima kumapeto kwa gulu. Ine mtima unayamba kukhala pansi, ndinati tapulumuka.

Titabwerako kumanda, achibale tinayenera kukhala pansi kukambirana za amasiye ndi za minda ya mpunga, komanso kuonetsa mwinimbumba watsopano. Anayala mphasa pabwalo. Tisanayambe n'komwe kunabwera mvula, ya kunyanja ija yobwera ndi mphepo, ndipo aliyense anathamangira m'nyumba ya malemu. Ndinawakoka jekete achimwene kuti tiime pakhonde. Mayi aakulu anasuzumira pakhomo. "Mwinimbumba wa pakhonde ndiye uti? Lowa." Analowa.

Chipindacho chinali chaching'ono, mazenera otseka chifukwa cha mvula. Amuna anakhala pamipando ndi pamatumba a mpunga, ife akazi pansi, mwendo pa mwendo. Munali abale a ku Lilongwe, munali ongobwera kumene kuchokera ku Joni, munalinso amene anadwazika amalume mpaka kuwatseka maso. Ovala masiki tinali awiri, ine ndi achimwene. Munkanunkha zovala zonyowa, ndipo uku ndi uku munthu ankatsokomola, monga zimakhalira pamaliro a dzinja.

Nthawi yawo yolankhula itakwana, achimwene anaimirira. Mvula inali ikuwomba pamalata, mawu awo n'kumathera m'kansalu. Sanamalize ngakhale kuthokoza adzukulu, mayi aakulu anawadula.

"Sitikumva. Ukulankhula ndi ife kapena ndi chinsanzacho?"

Wina anaseka.

"Mayi, ndi malangizo a kuchipatala," anatero achimwene.

"Ife tikununkha? Ndinkakusambitsa ndine uli khanda, lero mpweya wanga ukukunyansa? Mbumba ikufuna kuona pakamwa pa munthu amene akuilandira."

Achimwene anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Pamsonkhano wotere mwana wamkazi sadula mawu a mayi ake aakulu, koma ndinatsegula pakamwa ndithu, ndinati, "Mayi, munthuyu ndi wodwala." Anandiyankha osatembenuka n'komwe, anati, "Iwe dikira nthawi yako." Achimwene anakweza dzanja, anatsitsa masiki mpaka pachibwano, kenako anaichotseratu n'kuiika m'thumba la jekete.

Analankhula bwino, zimenezo sindingawamane. Analankhula nthawi yaitali, za amasiye, za minda, za kugwirizana. Anthu ankavomereza ndi mitu. Atamaliza, amuna onse anadzuka kuwagwira chanza mmodzimmodzi, ena kuwakumbatira, ndipo mayi aakulu anati tsopano mlongo wawo agona mumtendere. Pobwerera, nkhope ya achimwene inali yowala monga sindinaionere chaka chonse. Ine sindinawalankhule mpaka kunyumba.

Patapita masiku anayamba kumva kuzizira. Anandibisira. Anauza alamu kuti asandiuze, poti ankadziwa chimene ndinganene, ndipo alamu, ndi kufatsa kwawo kuja, anamvera. Anawafukiza ndi masamba a bulugamu, anawamwetsa mandimu ndi jinja, monga ankachitira aliyense nthawi imeneyo. Ine ndinkaona chitseko chotseka n'kumati akundikwiyira. Ndinatulukira tsiku limene ndinaona alamu akuchapa zofunda zimene anachapanso dzulo lake. Ndinakankha chitseko. Achimwene anali akutsegula m'mimba, thupi lili moto, milomo youma, ndipo poyankha moni wanga ankapumira pakati pa mawu. Sindinawakalipire.

Kuchipatala cha pa boma anawayeza, anati ndi Kovidi, ndipo atamva za impso anawakweza ambulansi ya ku Lilongwe tsiku lomwelo. Kumeneko ndinaphunzira kuti kuli kudwazika kwina kopanda kumuona wodwala. Ife tinazolowera kuti munthu akagonekedwa, gadiyani amakhala pambali pake, kumusambitsa, kumutembenuza, kumudyetsa. Ku wodi ya Kovidi sankalola. Chakudya tinkasiya pachipata m'bakuli, n'kubwerera kukakhala pansi pa mitengo pamodzi ndi ena odikira. Bakuli likabwerako lopanda kanthu tinkati lero kuli bwino. Likabwera momwe linapitira, ine ndi alamu sitinkayang'anana.

Pansi pa mitengopo ndinakumana ndi mayi wina amene tinkadziwana ku kiliniki ya impso. Amuna ake nawo anapatsidwa impso, ndi mwana wawo. Bambowo sanapite ku maliro aliwonse, matendawo anabwera ndi mdzukulu pochokera kusukulu. Tinkakhalira chitenje chimodzi ine ndi mayi ameneyu, n'kumagawana chinangwa. Tsiku lina m'mawa anamuitana pachipata, ndipo pansi pa mtengo sanabwererenso. Sindikunena zimenezi kuti ndichepetse mlandu wa wina aliyense. Bambo aja matenda anawapeza m'nyumba mwawo. Achimwene matendawo anawatsatira okha, atavala jekete, nsapato zitapukutidwa.

Dokotala wamkazi, wamng'ono msinkhu koma wosabisa mawu, anatiitanira pa waya wa mpanda. Anati mapapo avutika kwambiri, achimwene ali pa okosijeni, ndipo thupi silikulimbana ndi matendawa chifukwa alonda aja ali m'tulo. Kuti munthu apulumuke ayenera kuchepetsa mankhwala ogonetsa aja, ena kuwasiyiratu kwa kanthawi. Koma alonda akadzuka akhoza kuukira impso, imene inali itafooka kale ndi kutsegula m'mimba kuja ndi matendawo.

"Ndiye mukupulumutsa munthu kapena impso?" ndinafunsa.

"Tiyesetsa zonse ziwiri, mayi. Koma zikakana, munthu."

Ndinati chabwino, ndipo ndinkanena zoona. Ndikanati chiyani? Koma ndinapita kuseri kwa zimbudzi kukalira, ndipo amene ndinkalirira sanali achimwene okha ayi.

Ana athu anatsala ku Senga Bay, ndipo ankatiuza pafoni zochitika kumeneko. Mbiri itamveka kuti pakhomo pathu palowa Kovidi, anthu anayamba kulambalala mpanda wathu. Ana anzawo analetsedwa kusewera nawo. Mwana wanga wamkulu atapita pamjigo, amayi anasuntha ndowa zawo n'kudikira kuti achoke, kenako anatsuka chogwirira ndi sopo. Anthu ake omwe aja a maliro n'kulirana. Sindikuti analakwa kuopa, kuopako n'kumene ndinkawapempha chaka chonse. Chimene chinandiwawa n'chakuti mantha ankawadziwa bwino lomwe, koma ankawasungira matupi awo okha.

Achimwene atayamba kupezako, namwino wina wachifundo anawagwirira foni pakhutu. Mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. Ndinkayembekeza kuti afunsa za ana, kapena za impso. Anati, "Chemwali, anthu akumabwera kudzafunsa?" Ndinayang'ana alamu. Ndinati inde, akumabwera, pabwalo pakumadzaza. Ndinamva akupuma momasuka.

Anatuluka amoyo. Izi ndizinene momveka, pakuti ena amene analowa nawo sanatuluke, ndipo anamwino aja anagwira ntchito yoti Mulungu yekha ndiye angawabwezere. Anatuluka ataonda, akuyenda chogwirira khoma, mawu atasasa. Kumudzi anthu atamva anati aleluya.

Koma ine ndinkayang'ana mapazi awo. Ukadwazikapo wodwala impso suyang'ananso nkhope, umayang'ana akakolo ndi botolo lokodzeramo. Akakolo anayamba kutupa, mapatapata n'kumasiya mizere pakhungu. M'botolo munkachepa. Madokotala anabwezeretsa mankhwala, anawonjezera ena, anayeza magazi mobwerezabwereza, ndipo kwa miyezi tinakhala tikuti mwina idzuka. Tsiku lina dokotala yemwe uja anatiitana, ndipo mmene anakokera mpando ndinadziwiratu. Anati impso yasiya kugwira ntchito, sidzadzukanso. Ndinafunsa ngati aichotse. Anati ayi, ikapanda kuvuta amaisiya momwemo. Ndiye ilimo mpaka lero, yakufa, m'mimba mwa achimwene.

Anawaika kapaipi m'munsi mwa khosi, n'kubwerera pa makina aja. Ntchito ya kukhitchini inathera pomwepo. Iwo ndi alamu anapeza kachipinda ku Lilongwe kuti akhale pafupi ndi makina, ana awo n'kutsala ndi ine. Madzi amamwa moyeza, kakapu kakang'ono, chifukwa akachulutsa amasowa kotulukira n'kudzaza m'chifuwa. Munthu wobadwira panyanja, ludzu likamuvuta amangochukucha m'kamwa n'kulavula.

Tsiku loyamba limene achimwene anabwera kudzaona pakhomo linali Lamulungu. Anthu anadzaza pabwalo, mantha atatha, kudzathokoza Mulungu kuti achira. Ndowa ya pachipata ndinali nditaichotsa. Ndikanalonderanso chiyani? Mayi aakulu anafika masana pa kabaza, atanyamula nkhuku yomanga miyendo. Anakhala pamphasa moyang'anana ndi achimwene, anawagwira manja onse awiri, analira misozi yeniyeni. Sindikunama, ankawakonda. Zimenezi ndi zimene zimandivuta kwambiri, chifukwa akanakhala munthu woipa ndikanangodana nawo n'kupuma.

"Mulungu ndi wamkulu, mwana wanga, wachira," anatero. "Nanga kapaipika n'kachiyani?"

Alamu anafotokoza pang'onopang'ono kuti matenda aja anapha impso, ndipo achimwene abwerera pa makina. Mayi aakulu anamvetsera, anapukusa mutu, anati zachisoni. Ndinadikira kuti mwina anena kanthu za tsiku la mvula lija. Sananene. M'malo mwake anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe, si akuti zimakhala ziwiri? Inayo sungamupatse mlongo wako? Chibale n'fupa, sichiola."

Ambiri pamenepo ankadziwa kuti munthu sangapereke zonse ziwiri n'kukhala moyo, ndipo wodziwa kuposa onse anali achimwene. Ndinawayang'ana kuti ayankhe ndiwo. Mwinimbumba si iwo? Ndinkafuna mawu ochepa chabe, oti mayi, mwanayu anachita kale mbali yake, musiyeni. Sanawanene. Anazolika, n'kumatembenuza kakapu kawo kopanda kanthu m'manja. Pamaso pa mayi aakulu ndi pa gulu sakanatha kutsutsa, ngakhale pa chinthu chotere.

Ndinayankha ndekha. "Mayi, imene ndinali nayo yopatsa ndinapereka. Munawavulitsa masiki ndinu. Yatsalayi ndi ya ana anga." Ndinadzuka n'kulowa m'nyumba. Kumbuyo ndinamva mayi wina akuti mwanayu ndi wamwano. Nkhuku ija anapha alamu, ine sindinailawe.

Kuchokera tsiku limenelo dzina langa m'banjamo ndi wamwano, ndipo ndinalilandira. Achimwene timalankhulana. Ndimalera ana awo pamodzi ndi anga, ndikapeza mpata ndimakwera minibasi kukawaona, ndipo miyendo ikamakokana atachoka pa makina ndimawasisita ndine. Ndimawakonda, sindingabise. Koma ndikawaona atagona pamenepo, magazi akuzungulira m'timapaipi, mkwiyo umandigwira mpaka ndimatuluka kukaima panja. Za impso sitinakambepo. Iwo sanayambitse, ine sindinafunse.

Chaka chatha mayi aakulu anamwalira, ndi ukalamba, pamphasa pawo. Uthenga unandipeza kuntchito. Posakhalitsa achimwene anaimba foni ali m'minibasi kale, akupita kukayendetsa maliro monga mwinimbumba. Linali tsiku lawo la makina, analidumpha. Anati tikumane pa Salima tipitire limodzi. Ndinati pitani, ine sindibwera.

"Ukapanda kubwera, chemwali, ukudziwa zimene anthu adzachite tsiku lako."

Ndinawauza kuti ndikudziwa. Ndinati chiwalo changa chinafa kale, ndipo pa anthu onse aja, pa mbumba yonse ija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzandiuza pepa. Ndinasiyira pomwepo, foni ili pakhutu, kuwapatsa mpata. Ndinkamva injini ya minibasi, kondakitala akuitana anthu, ndi kupuma kwawo kolemera kwa munthu wodzaza madzi.

Kenako anati, "Chabwino. Ndikawauza anthu kuti wadwala." Ndipo anadula foni.